Kagalu ka Mpikisano: Ndingofunsa Nawo

Kodi munthu angadikire kagalu chaka chathunthu, ndalama zili m'thumba, kagaluko kasanabadwe, make asanakwatitsidwe n'komwe? Ine ndinakula ndikudziwa kuti pamsika wolamula ndi mwini ndalama. Koma kuno ku England kuli mayi wina amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, ndipo iwo analembetsa dzina pamndandanda wa munthu woweta agalu n'kukhala phee, kudikira kuitanidwa. Akufuna Border Collie, galu wakuda ndi woyera uja abusa a kuno amakusira nkhosa. Nkhosa alibe. Ngakhale mbuzi imodzi alibe. Ali ndi kanyumba, kabwalo ka udzu kuseri, ndi galimoto yakale. Ati galuyo akumufunira masewera.

Ndinafunsa kuti masewera anji. Safunsa anadya phula, ndiye kuyambira pamenepo ine ndakhala ndikungofunsa.

Masewerawo dzina lake agility. Pabwalo amaikapo zopinga pafupifupi 20, chilichonse ndi nambala yake. Pali mipiringidzo yoti galu alumphe, chipaipi chansalu chokhota choti alowe n'kukatulukira uko, matabwa awiri otsamirana oti akwere n'kutsikira mbali inayo, thabwa lina lopendama likapondedwa, ndiponso timitengo 12 toima pamzere toti adutse mozembazemba, koyambako kakhale kuphewa lake lakumanzere. Mwini galu amathamanga pambali. Chingwe palibe, chakudya m'manja palibe, kumukhudza n'koletsedwa. Amangolozera ndi mkono ndi kufuula. Galu akagwetsa mpiringidzo amamulembera zolakwa 5. Akadumpha kuchoka pathabwa osaponda chigawo cha kumapeto chopakidwa utoto wina, zolakwa zinanso 5. Zonsezi zimatha mphindi imodzi isanakwane.

Ndinafunsa kuti wopambana amalandira zingati. Anzangawo anaseka mpaka kutsokomola. Ati kariboni, mwina ndi kachikho, ndipo galu akamapambana amakwera magiredi, kuchoka pa 1 mpaka kukafika pa 7. Mafuta a galimoto, ndalama zolembetsera, zolipira mphunzitsi, zonsezo n'zochoka m'thumba mwako. Ndiye phindu lake? Ati kukoma kwake.

Anandiuzanso kumene zinachokera. Kuli chionetsero chachikulu cha agalu chotchedwa Crufts, chimene chinayamba ku London mu 1891 ndipo masiku ano chimachitikira ku Birmingham mwezi wa Marichi. Okonza ake anali ndi vuto la mpata: mpikisano wina ukatha, anthu ankasowa choonera podikira wina. Mu 1978 John Varley, mmodzi wa okonzawo, anagwirizana ndi Peter Meanwell, katswiri wophunzitsa agalu, naika zopinga motengera mpikisano wa akavalo olumpha, kuti oonera asatope. Apa mutu wanga unayamba kuima. Chinthu chimene chinayamba ngati chotayitsa nthawi, lero ndicho chikulamula kuti galu uyu akwatitsidwe kwa uyo, kagalu aka kabadwe, aka kasabadwe? Anzangawo anati eya, ndi mmene zilili.

Kwathu ku Ntcheu kagalu sukadikira. Galu wa anansi akaswa, amachita kukupempha kuti utengeko kamodzi, ukakhala waulemu usiyepo nkhuku. Ku Lilongwe anyamata amaimika tiagalu m'mwamba m'mbali mwa msewu, iwe kutsitsa galasi la galimoto, kunenerera, basi. Funso lalikulu limakhala la katemera wa chiwewe. Alenje okha ndiwo ndinkawaona akusankha mofatsa, ndipo iwo sankayang'ana kagaluko kwenikweni, ankafunsa za make. Amagwira kalulu? Akaona nguluwe amaima kapena amaliyatsa liwiro? Make mbuu, mwana mbuu. Ndiye nditamva kuti Angerezi nawo amayambira kwa make, ndinati apa pokha tikumvana.

Koma bwanji osangogula pa intaneti? Ndinatsegula foni n'kuwaonetsa: tiagalu ta Border Collie mbwee, ena akuti bwerani lero lomwe, ena akuti tikubweretserani pakhomo. Anzangawo anati wokubweretsera pakhomoyo ndiye woyamba kumuthawa. Kuli anthu amene amatsekera agalu aakazi m'makola amdima, kuwabereketsa chaka ndi chaka mpaka kutheratu, ana n'kumawapatsira ogulitsa. Galu wina wotero, dzina lake Lucy, wa mtundu wa Cavalier King Charles Spaniel, anapulumutsidwa ku Wales mu 2013 msana utapindika, ndipo lamulo limene linayamba kugwira ntchito ku England mu Epulo 2020 limadziwika ndi dzina lake. Limaletsa masitolo ndi mavenda kugulitsa kagalu kosakwana miyezi 6. Ukafuna kagalu upite kwa amene anabereketsa, ukakaone kali ndi make, apo ayi upite kosungira agalu osowa mwini. Sikagulitsidwa kasanakwane milungu 8, ndipo kuyambira mu 2016 kamayenera kuchoka atakabaya kale microchip pansi pa chikopa pakati pa mapewa, yosonyeza kumene kachokera.

Nanga akabwereka galu wamkazi wina n'kunena kuti make ndi ameneyu? Ati zimachitika ndithu, ena amachita kubwereka ndi nyumba yomwe. Ndiye uyang'ane mawere ngati akuoneka oyamwitsa, uone ngati tiana tikumuthamangira iye n'kumatinyambita, ndipo upiteko kangapo, osati kamodzi.

Ndiye woweta wabwino ndi amene ali ndi laisensi? Ati ayi. Ku England, kuyambira mu 2018, wobereketsa katatu kapena kupitirira pa miyezi 12 n'kumagulitsa ayenera kukhala ndi laisensi ya khonsolo. Laisensiyo ikungosonyeza kuti akhonsolo anadzaona makola. Munthu amene amabereketsa kamodzi pa zaka ziwiri, chifukwa akufuna kusungako kamodzi mwini wake, angathe kukhala ndi agalu abwino kuposa wa makola khumi. Chabwino, ndiye wabwino ndi amene ali ndi mapepala a Kennel Club? Ati ayinso. Bungwe limeneli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1873, limalemba mayina a makolo ndi agogo a galu. Pepalalo likukuuza kuti uyu ndi mwana wa uje. Silikukuuza kuti ujeyo anali wathanzi. Mu 2008 BBC inaonetsa pulogalamu yotchedwa Pedigree Dogs Exposed, ya agalu a mapepala ovutika kupuma ndi kuyenda chifukwa chowabereketsa pofuna maonekedwe okha ndi kuwakwatitsa pachibale. Anthu anakwiya, BBC inasiya kuonetsa Crufts, ndipo Kennel Club inasiya kulemba ana obadwa kwa galu ndi mwana wake, kapena kwa galu ndi mlongo wake. Pambuyo pake inasiyanso kulemba ana a galu wamkazi amene wabereka kale kanayi.

Laisensi ayi, mapepala ayi. Nanga wabwinoyo timudziwa ndi chiyani? Anzangawo anati tiyeni mukaone nokha.

Tinapita kufamu ina kumalire a England ndi Wales. Ine ndinkayembekezera kuti tikafika tifunsa mtengo. Mtengo sunatchulidwe mpaka tiyi atazizira. Mayi woweta agaluyo, wachikulire ndithu, nsapato zili matope okhaokha, ndiye anali wofunsa. Mumagwira ntchito maola angati? Mukapita kuntchito galu atsala ndi yani? Mpanda wanu ndi wautali bwanji? Galu wanu woyamba anafa ndi chiyani, ali ndi zaka zingati? Mukaphunzira kwa yani? Akathyoka mwendo ali ndi zaka ziwiri, osadzalumphanso, mudzatani naye? Anzangawo ankayankha modzichepetsa, manja ali pamaondo, ngati mnyamata wofunsira mbeta pamaso pa malume a mtsikana.

Ine ndinalephera kupirira. "Pepani mayi, ine ndine mlendo pa zimenezi. Kodi wogulitsa ndi ndani pano?"

Anaseka, nati anthu amene anawabweza ndi ambiri kuposa amene anawagulitsa. Wina ankafuna kagalu ka mphatso ya Khirisimasi. Wina anafunsa za mtundu wa ubweya asanafunse china chilichonse. Wina anati akufuna galu wodzapambana ku Crufts, ndipo ameneyo ndiye anabwezedwa msanga kuposa onse.

Kenako anatulutsa chikwatu cha mapepala. Loyamba linali la m'chiuno. Galu akakwanitsa chaka chimodzi amapita naye kwa dokotala wa ziweto, amamugoneka ndi mankhwala, n'kujambula mafupa. Chithunzicho amachitumiza ku British Veterinary Association, kumene akatswiri amayang'ana zinthu 9 mbali iliyonse ya chiuno, kuona ngati mutu wa fupa la ntchafu wakhala bwino m'kabowo kake. Mbali iliyonse amaipatsa nambala kuyambira 0 mpaka 53, zonse pamodzi 106. Ndinayang'ana pepala la galu amene akuyembekezeka kukhala make wa tiagaluto, ndinaona kanambala kakang'ono, ndipo ndinafunsa ngati analephera mayeso. Ati kuno wochepa malikisi ndiye wakhoza. Wa 0 alibe chilema, wa 106 chiuno chatha. Zigongono nazo amazijambula, izo nambala zake ndi 0 mpaka 3.

Koma ife tikugula mwana, bwanji mukujambula make? Ati mafupa a kagalu sanakhwime. Ndiye makolo akakhala ndi chiuno chabwino, basi mwana ali bwino? Ati osati kwenikweni. Vutoli silichokera pa chinthu chimodzi m'magazi, limachokera pa zambiri, ndipo kunenepetsa kagalu kapena kukalumphitsa msanga kumaonjezera. Kuyeza makolo kumachepetsa ngozi, sikuichotsa. Ndinaona kuti tsiku lonselo mayiwa sanalonjeze kanthu, ngakhale kamodzi.

Mapepala ena anali a DNA. Amapaka kathonje m'kamwa mwa galu n'kutumiza ku labotale, kumene amayeza matenda otengera kumtundu. Pali CEA, yowononga maso. Pali TNS, imene imatsekereza asilikali a m'thupi m'kati mwa mafupa, moti kagalu kamangodwaladwala mpaka kufa kasanakule. Pali CL, yowononga ubongo galu akangopitirira chaka. Zotsatira zimakhala zitatu: alibe, wanyamula, kapena akudwala. Wonyamula sadwala. Koma onyamula awiri akakwatitsidwa, pa ana anayi aliwonse mmodzi angabadwe wodwala, masamu omwe aja madokotala amatiuza pa nkhani ya sickle cell.

Galu wamwamuna amene anamusankha anali wonyamula CEA, ndipo mayiwa anatiuza okha tisanafunse. Bwanji osangomusiya ameneyo n'kupeza wopanda kanthu? Ati wamkaziyo alibe, ndiye palibe mwana amene adzadwale. Ndipo mukataya galu aliyense wonyamula kanthu, otsala adzakhala ochepa, onse pachibale, n'kutulukira matenda ena amene panopa abisala.

Chibale chimenechi si nkhani yaing'ono. Border Collie wa lero amalozera kwa galu mmodzi, Old Hemp, wobadwa mu 1893 kwa mbusa Adam Telfer wa ku Northumberland. Galuyo ankakusa nkhosa mwakachetechete, ndi maso okha, ndipo abusa anakhamukira kwa iye ndi agalu awo aakazi. Zinabwerezekanso ndi Wiston Cap, amene anapambana mpikisano waukulu wa agalu a nkhosa mu 1965, ndipo dzina lake limapezeka m'mibadwo ya agalu ochuluka zedi. Ndiye ndinafunsa funso la mwana: ngati aliyense akuthamangira kwa wopambana, mawa agalu onse sakhala a bambo mmodzi? Mayiwo anati n'chifukwa chake asanakwatitse amayamba awerengera chibale cha awiriwo. Mwana wa galu ndi mlongo wake amakhala pa 25 peresenti, wa obadwa bambo mmodzi amayi osiyana pa 12.5, wa asuweni pa 6.25, ndipo iwo amafuna nambala yotsika. Anati anakana kupita kwa galu wina wotchuka m'mipikisano ya agility chifukwa ana ake ali kale paliponse.

Nanga alipo matenda opanda pepala? Apa mayiwo anaika kapu pansi. Ati khunyu. Border Collie ndi umodzi wa mitundu imene matendawa amaivuta. Amayenda m'magazi, koma njira yotsimikizika yowayezera ndi DNA kulibe. Kawirikawiri amayamba galu ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zisanu, nthawi imene mwina wabereka kale, ana ake ali m'makomo mwa anthu. Ndiye wogula adziwa bwanji? Ati afunse. Afunse yani? Afunse ine. Nanga mukanama? Ati ndiye kuti wanamizidwa.

Ndinakhala kaye chete. Mapepala onsewa, zithunzi za mafupa, malabotale, koma pa matenda amene onse amawaopa tatsala ndi pakamwa pa munthu basi. Mayiwo anatiuza kuti zaka zapitazo galu wina wobadwira m'nyumba mwawo anayamba kugwa ali ndi zaka zitatu. Anaimbira foni onse amene anatenga abale ake, ndipo make sanamubereketsenso. Anati woweta amene wakhala zaka 20 n'kumanena kuti kwake sikunabadwepo galu wodwala, mwina ndi wabodza, mwina agalu ake akachoka pakhomo safunsanso za iwo, ndipo pa ziwirizi sadziwa choipa kwambiri n'chiti. Anauza anzangawo kuti akacheze ndi anthu amene ali ndi agalu akuluakulu ochokera kwa iwo, akafunse okha, eni ake palibe. Anatchulanso malo a Kennel Club pa intaneti pamene munthu amalemba dzina la galu n'kuona zotsatira za kuyezedwa kwake, kuti asangokhulupirira fotokope.

Ine maso anga anali pa galu wina amene anagona pafupi ndi chitofu, wa ubweya wotuwa wamawangamawanga, diso limodzi la buluu. Ndinati ndikanakhala ine ndikanatenga mwana wa uyu. Ati ambiri amatero, ndipo ogulitsa pa intaneti amakweza mtengo chifukwa cha ubweya umenewu, umene amautcha merle. Mmodzi yekha si vuto. Koma awiri otere akakwatitsidwa, ana ena amabadwa ogontha, akhungu, kapena zonse ziwiri, moti Kennel Club kuyambira mu 2013 simalemba ana otero. Chikomekome cha mkuyu. Tiagalu tawo tonse amakatiyezetsa makutu ndi makina tisanachoke, poti kagalu kogontha khutu limodzi sungakadziwe ndi kuwomba m'manja, chonsecho pabwalo kadzafunika kumva kumene mawu akuchokera.

China chondizunguza n'chakuti Border Collie ndi mmodzi, koma eni ake amakamba za atatu. Pali wa nkhosa, wolembedwa ndi International Sheep Dog Society, bungwe la mu 1906 limene silisamala za maonekedwe bola galu agwire ntchito. Mipikisano ya agalu a nkhosa ndi yakale, wotchuka woyambirira unachitikira ku Bala ku Wales mu 1873, ndipo mu 2021 galu wamkazi wa chaka chimodzi dzina lake Kim anagulidwa pa mapaundi opitirira 27,000. Galu, abale, osati nyumba. Pali wa chionetsero, wa ubweya wambiri, amene Kennel Club inayamba kumulandira mu 1976. Ndiye pali wa masewera, wopepuka thupi, waliwiro, wokonda chidole. Weniweni ndi uti? Aliyense amati wake. Mayi wa kufamuyo anangoti wofuna galu wa agility akaone makolo ake ali pantchito, komanso akaone ngati akamaliza amatha kugona. Galu wosadziwa kuleka, anatero, amapambana Loweruka n'kukuzunza kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu: kuthamangitsa magalimoto, kukusa ana a eni, kulondola mithunzi pakhoma.

Tsono tinene kuti mimba yatenga, masiku 63 akwana, tiana tabadwa. Wogula amaloza yekha kamene wakakonda? Ati ayi, osankha ndi iwo. Ndinati ndalama zanga, kusankha kwanu? Ati inu mudzationa ola limodzi, mwina tili ndi tulo, pamene ine ndakhala nato milungu 8 usana ndi usiku. Ndikudziwa kamene poto akagwa kamadzidzimuka n'kubwerera kudzanunkhiza, ndi kamene kamabisala mpaka madzulo. Ndikudziwa kamene kamabweza mpira kwa munthu, ndi kamene kamathawa nawo.

Ena amachita mayeso tiagalu tili ndi milungu 7: kutambasula ambulera mwadzidzidzi, kuponya kapepala, kukagoneka chagada. Ndinafunsa ngati mayesowo amalosera zoona. Anapukusa mutu. Ofufuza a ku Vienna anatsatira ma Border Collie kuyambira ali makanda mpaka atakula, ndipo mu 2014 analemba kuti khalidwe la pa mayeso a ukhanda silinafanane kwenikweni ndi la ukulu, kupatula chidwi choyendera malo achilendo. Chodziwika bwino, kuchokera pa kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller ku Bar Harbor ku America, amene anasindikizidwa mu 1965, n'chakuti kuyambira milungu 3 mpaka pafupifupi 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira zoopsa ndi zosaopsa. Yoposa theka la nthawi imeneyi kamakhala kwa woweta. N'chifukwa chake tawo timakulira kukhitchini, pakati pa phokoso la makina ochapira ndi la zidzukulu, tikuponda matabwa ogwedera, mapepala, miyala, tikukwera galimoto, osati m'khola kuseri kwa nyumba.

Ndiye kakafika kunyumba kayamba liti kulumpha? Ati osafulumira. Mafupa amapitiriza kukula mpaka chaka kapena kupitirira, ndipo malamulo a Kennel Club salola galu kupikisana mu agility asanakwane miyezi 18. Agalu akuluakulu thupi amalumpha masentimita 60, ndiye kulumphitsa kagalu kanthete n'kukathyola dala. Ndinawerengera pa zala: chaka cha pamndandanda, miyezi iwiri ya mimba, 18 ya kukula. Zaka zitatu kuchotsapo pang'ono, munthu asanadziwe ngati wagula waliwiro kapena wokonda kuothera dzuwa.

Nanga galuyo akakana? Poti iye sanafunsidwe. Akafika pabwalo n'kuona kuti phokosolo silikumusangalatsa, n'kusankha kununkhiza udzu? Anzangawo anati ndiye kuti adzakhala ndi galu woyenda naye m'mapiri mpaka ukalamba wake. Anayankha mosazengereza, ndipo ndinaona mayi wa kufamuyo akuwayang'anitsitsa. Ndikukhulupirira kuti yankho limeneli ndilo linawasunga pamndandanda kuposa mayankho ena onse. Mumgwirizano umene amasainirana muli chiganizo chakuti zinthu zikavuta, kaya galu ali ndi miyezi 5 kaya zaka 10, abwerere kumene anabadwira, asagulitsidwe, asaperekedwe kwa wina. Mulinso choletsa kumubereketsa popanda chilolezo chawo. Ndinafunsa ngati munthu wagula galu kapena wangobwereka. Ati wagula, koma wagula pamodzi ndi ine.

Ndiye ndinatulutsa limene linkandiyabwa nthawi yonseyi. Galu wamba, wofiirira, wa makutu oima, wosadziwika bambo ake, angalowe nawo? Ati kwambiri. Kennel Club ili ndi kaundula wina, Activity Register, wa agalu opanda mapepala, ndipo ochokera kosungira agalu osowa mwini amapikisana n'kumapambana. Palinso mpikisano wina wotchedwa ABC, umene amalowa agalu ena onse kupatula ma collie, poti iwo anachita kulanda bwalo. Nanga tsono zonsezi n'zachiyani, ngati wa m'khwalala angathe? Anzangawo anati galu wawo woyamba anali wotero. Anamuphunzitsa zaka zitatu, chachinayi chiuno chinakana, ndipo zaka zotsalazo ankachita kumunyamula pokwera masitepe. Safuna kuzionanso zimenezo ngati pali njira yochepetsera. Ndinawamva. Komabe sindinaleke kuganiza kuti kosungira kuja kuli agalu athanzi amene akudikira munthu woleza mtima chonchi.

Funso lomaliza ndinafunsa tili pakhomo, tikuvala majekete. Galu akaswa ana 7, si onse amene adzapite kwa anthu a masewera. Enawo magazi ake ndi omwewo, miyendo yomweyo, mutu womwewo wosafuna kukhala chabe. Amapita kuti? Ku Staffordshire kuli bungwe la Border Collie Trust GB limene ntchito yake ndi kulandira agalu a mtundu umenewu amene eni ake alephera nawo, ndipo silisowa ntchito. Amabereketsa amenewo ndani, ngati aliyense akuti iye ndi woweta wabwino?

Mayiwo sanakwiye. Anati n'chifukwa chake sakwatitsa galu mpaka mayina pamndandanda atachuluka kuposa ana amene angabadwe, ndipo kagalu kofatsa amakafunira nyumba mosamala kuposa kaliwiro, poti kaliwiro okafuna ndi ambiri. Za oweta ena anati sangawayankhire. Kenako ananditembenukira.

"Inuyo mafunso anuwa ndi a munthu wofuna galu. Mumagwira maola angati?"

Ndinati 12, nthawi zina usiku.

"Mumakhala nyumba yotani?"

Ndinati chipinda cha pamwamba, cha lendi, bwalo palibe.

"Ndiye inu ayi," anatero akutitsegulira chitseko. "Ndipo amene adzakuvomereni musadzagule kwa iye."